Ndani anawerenga odwala a ku Makanjira?

Mu Januwale 2021 tinaika maliro a bambo wina wachikulire wa m'mudzi mwathu, mnzawo wa malemu ambuje anga. Anadwala masiku osakwana khumi. Kunayamba kutentha thupi, kenako chifuwa chouma, ndipo masiku atatu omaliza ankapuma ngati munthu amene wakwera phiri atasenza mtolo wa nkhuni. Anamwalira mbandakucha, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu, dzuwa lisanapendeke anali atasambitsidwa, atakulungidwa mu sanda, jeneza itanyamuka. Madzulo a tsiku lomwelo ndinabwereka foni ya achimwene anga n'kutsegula Facebook kuti ndione chikalata cha tsiku ndi tsiku cha Unduna wa Zaumoyo: odwala atsopano angati ku Blantyre, angati ku Lilongwe, angati ku Mangochi, omwalira angati. Bambo aja munalibe m'chiwerengerocho. Sakanakhalamo, chifukwa palibe amene anawayeza.

Sindikulumbira kuti anafa ndi COVID-19. Chikhoza kukhala chibayo, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha TB. Ana awo mpaka lero amangoti "chinali chifuwa". Koma mwezi womwewo, pa 12 Januwale, dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo chimene chinawapha chinalengezedwa pa wailesi tsiku lomwelo. Kusiyana kumeneku ndi kumene kwandichititsa kulemba. Ife ophunzira timakonda kutenga ziwerengero za boma n'kuziika m'zolemba zathu za m'kalasi ngati kuti zinagwa kumwamba. Ine ndikufuna tibwerere m'mbuyo zaka zoposa 100, tione kuti ku Makanjira amene wakhala akuwerenga odwala ndi ndani, ankawerengeranji, ndipo zinatheka bwanji kuti mu 2020 tiiwale phunziro limene tinali titangoliphunzira kumene mu 2018.

Kwa amene simunafikeko, Makanjira ali kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, m'boma la Mangochi, pakati pa madzi ndi mapiri a m'malire ndi Mozambique. Kuchoka pa boma mumawoloka mtsinje wa Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukhotera kumpoto kudzera ku Malindi ndi ku Lungwena, mpaka kukafika pa Mpilipili. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, koma aliyense wa kwathu adziwa kuti msewu umenewu sitiuyeza ndi makilomita. Nthawi ya dzinja milatho ikakokoloka, ulendo wa maola ochepa umasanduka wa tsiku lonse, mwinanso osafika. Kumbukirani msewu umenewu, chifukwa nkhani yonse ya kuyeza matenda kwathu imayenda pa iwo.

Cholembera chinabwera ndi msonkho

Kulemba sikunabwere ndi azungu ku Makanjira. Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo alendo amene anafika m'mudzi wake m'zaka zotsatira anapeza ana akuphunzitsidwa kuwerenga Chiarabu. Mudziwo unali doko lalikulu la malonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe la nyanja ya mchere, ndipo mbali imeneyi ya mbiri yathu sitiyenera kuibisa. Mu Disembala 1891 ankhondo a Makanjira anapha Cecil Maguire, mkulu wa asilikali a Harry Johnston, pamene ankafuna kuwononga zombo za mfumuyo. Patapita zaka ziwiri, asilikali a Britain analanda mudziwo n'kumanga linga limene analitcha Fort Maguire, ndipo Makanjira anathawira kumapiri a mbali ya Apwitikizi.

Chimene chinabwera ndi lingalo ndi kaundula wa boma. Nthawi yoyamba imene nyumba ya munthu wamba inalowa m'buku la boma, chinali chifukwa cha msonkho wa nyumba. Nthawi yachiwiri chinali chifukwa cha nkhondo. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland anagwidwa kukakhala amtengatenga, ndipo Fort Johnston, amene lero ndi Mangochi, anali chipata chimene katundu ndi asilikali ankadzerapo kupita kunyanja ndi kumapiri a kum'mawa. Nkhondo itangotha, chakumapeto kwa 1918, kunafika chimfine choopsa cha fuluwenza chimene chinapha anthu mamiliyoni makumi angapo padziko lonse. Chinayenda ndi asilikali, amtengatenga ndi anthu obwerera kuchokera kumigodi. Amene anafera m'misasa ya asilikali ndi m'maesiteti analembedwa, chifukwa anali kale m'mabuku a wina. Amene anafera m'midzi, boma linangowayerekeza.

Kenako panali nthomba. Wolemba mbiri Megan Vaughan anafotokoza mmene boma la atsamunda linkalimbanirana ndi nthendayi mu Nyasaland: apolisi a nthomba, katemera wokakamiza, kutchinga midzi, nthawi zina kutentha nyumba za odwala. Zotsatira zake zinali zoti anthu ankabisa odwala awo. Sikunali kupusa. Ngati kuulula kuti mwana wadwala kukutanthauza kuti nyumba yako ipsa ndipo sudzapita kumunda, munthu wanzeru amatseka pakamwa. Makolo athu anaphunzira msanga kuti mlendo wobwera ndi buku ndi cholembera amachoka atatenga kanthu.

Kubadwa kwa mlangizi wa zaumoyo

Zinthu zinayamba kusintha dziko litalandira ufulu. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba ntchito anyamata oyenda m'midzi kubaya katemera wa nthomba, ndipo anganga anga mpaka lero ali ndi chipsera chachikulu paphewa chimene amati n'cha nthawi imeneyo. Nthomba inatha m'Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti yatha padziko lonse. Chimene chinaithetsa sikunali kubaya aliyense kokha ayi. Inatha chifukwa cha kufufuza wodwala aliyense, kupeza onse amene anakhala naye pafupi, n'kuwabaya katemera nthendayo isanalumphe.

Mu 1973 kunabuka kolera, ndipo boma linalembanso anthu ena othandiza pa mliriwo. Kuchokera kwa obaya katemera wa nthomba ndi othandiza pa kolera amenewa ndi kumene kunabadwira anthu amene lero timawatcha alangizi a zaumoyo, ma HSA. Dzina lawo lenileni pa Chingerezi limanena za kulondoloza matenda. Ankaphunzira masabata 12, ndipo mfundo ya boma ndi yoti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, ngakhale kuti m'madera akutali mmodzi amasenza midzi yambiri kuposa pamenepo. Cha m'ma 2008 chiwerengero chawo chinapitirira 10,000, ndipo ena anapatsidwa bokosi la mankhwala kuti atsegule zipatala za m'mudzi zothandiza ana osakwana zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Kuyambira 2002 Malawi analowanso m'ndondomeko ya WHO yoti chipatala chilichonse chizitumiza lipoti la matenda oopsa ku boma sabata iliyonse.

Mlangizi wa zaumoyo nayenso amabwera ndi buku ndi cholembera. Kusiyana kwake n'koti iye amagona m'dera lomwelo, amagula usipa pa doko lomwelo, ndipo akalemba dzina la mwana amasiya kanthu: katemera, mankhwala a malungo, kolorini wothira m'madzi. Zinatenga zaka pafupifupi 50 kuti buku la boma lisiye kuopsa m'mudzi. Chikhulupiriro chimenechi ndi chuma chachikulu chimene Unduna wa Zaumoyo uli nacho, kuposa makina alionse, ndipo chimasweka msanga, monga tinaonera mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu n'kumaopa aliyense wofuna kutenga magazi.

Sabata imene mudzi unadziyeza wokha

Mliri wa kachilombo umene unatiphunzitsa kwambiri za kuyeza ndi Edzi. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, koma kwa zaka zambiri nkhaniyi inkanong'onedwa. Kuyezetsa kunali kwa m'tauni, ndipo kunalibe phindu looneka, popeza ukapezeka nako kunalibe mankhwala. Zinasintha mu 2004 pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Apa pali phunziro loyamba: anthu anayamba kudzipereka kukayezetsa pamene kuyezetsako kunayamba kutsegula khomo la thandizo. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV pa ma ARV a moyo wonse, ndipo amayi ambiri anayezedwa kusikelo. Otsalira anali amuna, achinyamata ndi achikulire. Msodzi amene wachezera usiku wonse pa chilimira sangakakhale pa mzere wa chipatala m'mawa, ndipo mnyamata wa zaka 17 safuna kuti azakhali ake amuone akulowa m'chipinda cha uphungu.

Chakumapeto kwa 2018, akafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, pamodzi ndi bungwe la PSI Malawi ndi Unduna wa Zaumoyo, anayesa njira ina m'boma la Mangochi. Anasankha madera a magulupu 30 ozungulira zipatala zazing'ono zisanu, ndipo chipatala cha Makanjira chinali chimodzi mwa izo. Theka la maderawo linapitiriza monga mwa nthawi zonse. Theka linalo linapatsidwa tizipangizo ta OraQuick todziyezera wekha, timene umapukuta nato nkhama n'kuona zotsatira pakapita mphindi 20. Chachilendo chinali choti amene anakonza dongosolo logawira sanali anthu ochokera ku Blantyre. Makomiti a zaumoyo a m'mudzi ndi anthu odzipereka anakhala pansi, alangizi a zaumoyo ali pomwepo, n'kugwirizana okha kuti agawira kuti, nthawi yanji, ndipo alengeza bwanji. Anapatsidwa masiku 7.

Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2021. M'madera amene anadzikonzera okha, achinyamata a zaka 15 mpaka 19 amene anayezetsapo pa moyo wawo anali pafupifupi 85 mwa 100 alionse, pamene m'madera enawo anali 67. Amuna amene anali atayezetsa m'miyezi itatu yapitayo anali pafupifupi 75 mwa 100, poyerekeza ndi 34 kwinako. Kafukufukuyu anaonetsanso polekezera pake: chiwerengero cha oyamba kumwa ma ARV chinakwera m'miyezi yoyambirira, koma pofika miyezi isanu ndi umodzi kusiyanako sikunaonekenso bwino. Kudziwa ndi chinthu china, kufika kuchipatala mwezi ndi mwezi n'chinanso. Komabe mfundo yaikulu inali itatsimikizika, pa nthaka yathu yomwe: anthu a kumudzi amene timawanena kuti amathawa kuyezedwa anayezetsa mwaunyinji pamene chipangizo chinafika m'manja mwa munthu amene amamudziwa.

2020: makina ku Blantyre, malire ku Makanjira

Patangopita chaka chimodzi ndi miyezi yochepa, kunabwera COVID-19. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa 23 Malichi sukulu zinatsekedwa. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo ku Lilongwe. Pa nthawiyo, malo oyezera kachilomboka m'dziko lonse anali atatu: labotale ya boma ku Lilongwe, ndi ziwiri ku Blantyre, ya College of Medicine ndi ya Malawi-Liverpool-Wellcome Trust. Kuti munthu wa ku Makanjira ayezedwe, pankafunika wachipatala wovala zodzitetezera amupise kathonje m'mphuno, kathonjeko kasungidwe pozizira, kayende msewu uja mpaka pa boma, kenako kapitirire kumene kuli makina, zotsatira n'kubwereranso njira yomweyo. Pofika pakati pa chaka boma linawonjezera malo oyezera pogwiritsa ntchito makina a GeneXpert amene anagulidwira TB, koma zipangizo zinkaperewera, ndipo panafika nthawi yoti ankayeza okhawo oonetsa zizindikiro.

Boma linafuna kuika m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma bwalo lalikulu la milandu linauimitsa pa 17 Epulo bungwe la HRDC litadandaula kuti palibe dongosolo lodyetsa anthu osauka. Chigamulo chimenechi chinasiya dziko ndi chida chimodzi chokha, chomwe chija chinathetsa nthomba: kupeza wodwala, kulondoloza amene anakumana naye, ndi kuwapatula. Ndiye kuti ntchito yonse inagwera mlangizi wa zaumoyo, amene analibe choyezera m'manja.

Kwathu kachilomboka kanali ndi makomo awiri. Loyamba linali la ku Joni. Mangochi, boma la anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndi limodzi mwa maboma amene amatumiza anyamata ambiri ku South Africa, ndipo nyumba zambiri za malata zimene mumaona m'mbali mwa msewu wa Makanjira zinamangidwa ndi ma rand. South Africa itatseka chilichonse kumapeto kwa Malichi, ganyu anatha, ndipo mabasi anayamba kubweza anthu kudzera pa chipata cha Mwanza. Kumapeto kwa Meyi, anthu oposa 400 amene anasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre kudikira zotsatira anatuluka n'kumwazikana, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Ena mwa iwo zotsatira zawo zinatuluka atachoka kale. Manyuzipepala anati anathawa. Ine ndikaganiza za apolisi a nthomba aja, ndimaona nkhani yakale yomweyo: kuyezedwa kumene kumakulanda ufulu osakupatsa ngakhale nsima, munthu amakuthawa.

Khomo lachiwiri linali malire. Chipata chovomerezeka cha boma la Mangochi chili ku Chiponde, kutali ndi ife. Koma kumapiri a kum'mawa kwa Makanjira kuli njira zapansi ndi za njinga zamoto zimene anthu amadzera tsiku ndi tsiku kupita ku Niassa kukagula ndi kugulitsa, kukaona abale, kukaika maliro. Kunyanja nakonso asodzi amasamuka doko ndi doko kutsatira usipa. Palibe wonyamula choyezera kutentha thupi amene akanaima pa njira zonsezi. Amene ankadziwa kuti wabwera ndani usiku wathawu ndi nyakwawa, shehe wa pamzikiti, wapampando wa komiti ya pa doko, ndi anyamata a kabaza. Uthenga umenewu unalipo, wathunthu, tsiku lililonse. Chimene chinasowa ndi njira youlumikizira ndi choyezera, komanso chifukwa chimene mwini nyumba akanaululira kuti mwana wake wofika kuchokera ku Johannesburg akutsokomola.

Chifukwa chobisira ndiye chinalipo. Kupezeka ndi kachilombo kunkatanthauza masiku 14 osapita kunyanja kapena kumsika, ndipo ndalama za K35,000 pa mwezi zimene boma linalonjeza zinali za mabanja a m'mizinda. Kufera kuchipatala kunkatanthauza kuikidwa ndi anthu ovala zoyera zophimba nkhope, abale ataima patali, mtembo osasambitsidwa monga chipembedzo chimanenera. Kwa banja la Chisilamu zimenezi si zazing'ono. Onjezerani mphekesera za pa WhatsApp zoti kuchipatala akubaya anthu jakisoni wakupha, ndi kampeni ya chisankho cha pa 23 Juni imene inasonkhanitsa anthu masauzande pamene mizikiti ndi matchalitchi zinkauzidwa kuti zisapitirire anthu 100. Kenako kunabwera nkhani ya K6.2 biliyoni ya COVID-19, imene kafukufuku wa boma mu 2021 anapeza kuti ina inathera m'maalawansi ndi kugula kosatsata malamulo, mpaka nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, inachotsedwa. Munthu wa pa doko akamati matendawa ndi bizinesi ya akuluakulu, ankalakwa ponena za kachilomboko, koma umboni wina anali nawo.

Zimene magazi anaulula

Pofika Meyi 2023, pamene WHO inalengeza kuti COVID-19 sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, mabuku a boma la Malawi anali ndi odwala osakwana 90,000 ndi omwalira pafupifupi 2,700. Anthu ena amatenga ziwerengero zimenezi ngati umboni woti mliriwu unatilambalala. Koma pa zaka zitatu zonsezo, kuyeza kumene kunachitika m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni sikunafike ngakhale miliyoni imodzi.

Akafukufuku anapeza njira ina yoonera. Thupi likalimbana ndi kachilombo limasiya zizindikiro m'magazi, ngakhale munthuyo asanayezedwepo. Pakati pa Meyi ndi Juni 2020, ogwira ntchito zachipatala ku Blantyre pafupifupi 12 mwa 100 alionse anapezeka ndi zizindikiro zimenezi, nthawi imene chiwerengero cha boma chinali chidakali chaching'ono. Kafukufuku wina anayeza magazi amene anthu anapereka ku Malawi Blood Transfusion Service, ndipo anapeza kuti amene anakumanapo ndi kachilomboka anakwera kuchoka pa 18.5 mwa 100 mu Okutobala 2020 kufika pa 64.9 mwa 100 mu Meyi 2021. Kukwera kumeneku kunachitika m'miyezi yomwe ija tinaika bambo a m'mudzi mwathu. Opereka magazi ambiri ndi achinyamata a m'matauni ndi m'masukulu, choncho sitingatenge nambala yawo n'kuiika pa Makanjira. Koma ikutiuza chinthu chimodzi mosakayikitsa: chikalata cha tsiku ndi tsiku chija chinkationetsa kumene kunali makina oyezera, osati kulikonse kumene kunali matenda.

Imfa nazonso n'chimodzimodzi. Lamulo lolembetsa kubadwa ndi kumwalira linakhazikitsidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2015, koma munthu akafera kunyumba kumudzi, kawirikawiri amene amadziwitsidwa ndi mfumu ndi shehe kapena abusa, basi. Mayiko amene amalemba imfa iliyonse anatha kuyerekeza maliro a 2021 ndi a zaka zam'mbuyo n'kuona kuti mliri unapha angati. Ife chida chimenechi tinalibe. Zaka 102 pambuyo pa fuluwenza, womwalira wa kumudzi anayerekezedwanso.

Kodi zikanatheka kuchita mosiyana?

Mnzanga wina amene akuphunzira za labotale ananditsutsa, ndipo mfundo zake n'zomveka. Mu Epulo 2020 padziko lonse panalibe kachipangizo kodalirika koyezera COVID-19 m'mudzi. WHO inavomereza zoyezera zachangu zoyamba mu Sepitembala 2020, mayiko olemera anazilimbirana, ndipo malangizo a WHO olola munthu kudziyeza yekha anatuluka mu Malichi 2022. HIV imadikira, munthu ukhoza kumuyeza mwezi wamawa. COVID-19 imafalikira m'masiku ochepa. Anawonjezeranso kuti m'dziko limene theka la anthu ndi ana, kumene malungo amapha chaka ndi chaka, sizikanakhala nzeru kuchotsa alangizi pa katemera wa ana kuti azithamangitsa chimfine. Ndipo anandifunsa kuti: ukamuyeza munthu ku Makanjira n'kumupeza nako, mpweya wa okosijeni uli makilomita 100, wamuthandiza chiyani?

Ndikuvomereza zambiri mwa izi. Koma phunziro la 2018 silinali la kachipangizo. Linali loti mudzi ukapatsidwa mphamvu yokonza dongosolo, umafikira anthu amene chipatala sichiwafikira. Zimenezo sizinkafunika kudikira WHO. Makomiti omwe aja akanatha kusunga kaundula wa obwera kuchokera ku Joni ndi ku Mozambique, kuwerenga maliro sabata iliyonse, ndi kukambirana ndi mashehe njira yoikira maliro yoteteza osambitsa popanda kunyoza womwalira. Kuwerenga maliro kokha kukanauza boma mu Januwale 2021 ngati kumadera akutali kukufunika masilinda a okosijeni. Ndipo zoyezera zachangu zitayamba kufika m'zipatala zazing'ono, pakanakhala kale anthu okonzeka kuzitengera pa doko.

Zimene zinatsatira zikusonyeza mtengo wa chikhulupiriro chosweka. Katemera woyamba, wokwana 360,000, anafika pa 5 Malichi 2021, koma pa 19 Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu asanabayidwe. Mu 2022 kunabuka kolera amene anagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Komanso chaka chomwecho, mwana wina atapezeka ndi poliyo ku Lilongwe, alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka anayenda khomo ndi khomo m'dziko lonse kudontheza katemera m'kamwa mwa ana mamiliyoni, maulendo angapo. Miyendo yofika pa khomo lililonse ilipo. Imayenda pamene pali ndalama ya kampeni, kampeni ikatha imabwerera kukakhala pansi.

Kwa ife amene tikumaliza maphunziro, ena a zaumoyo, ena a kompyuta, ena a mbiri, pempho langa ndi laling'ono. Ambiri mwa ife tidzapatsidwa ntchito yolemba malipoti, ndipo tidzalandira tebulo la ziwerengero lokhala ndi mzere wa Mangochi. Tisanalembe kuti "kudera lakuti kunalibe odwala", tifunse kuti anayezedwa angati, anayezera kuti, ndipo msewu unali bwanji mwezi umenewo. Tikamapanga mapulogalamu a pafoni olondolozera matenda, tikumbukire mlangizi amene amayenda mtunda kukatchajitsa foni ndi kusaka netiweki. Ndipo tikadzakhala pa mipando yogawa ndalama, tikumbukire kuti munthu amaulula matenda pamene akudziwa kuti akaulula alandira thandizo, ndipo banja lake lidya.

Tchuthi chathachi ndinapita kukaona ana a bambo aja. Mwana wawo wamkulu anatulutsa kope la sukulu limene komiti ya pamzikiti imalembamo zopereka za pamaliro. Muli dzina la womwalira aliyense, tsiku, ndi mayina a amene anapereka ufa kapena ndalama ya sanda. Tinatsegula masamba a Januwale ndi Febuluwale 2021 n'kuwerenga limodzi, kenako tinatsegula a miyezi yomweyo chaka cham'mbuyo. Kope limeneli lakhala m'thumba la pulasitiki pansi pa matiresi zaka zonsezi, ndipo mzikiti uliwonse ndi mpingo uliwonse kuchokera ku Malindi mpaka kumalire uli ndi lake. Palibe wochokera ku boma kapena kuyunivesite amene anabwerapo kudzalipempha. Ndamupempha kuti andilole ndilijambule, ndipo wati ayambe wafunsa akuluakulu a komiti.